Azakhali Anga ndi Chisanu cha ku Norway

Azakhali anga ndi mphunzitsi wopuma pantchito, kwawo ku Chikwawa, ndipo chiyambire kuwadziwa adani awo anali awiri: kuzizira ndi madzi akuya. Akakwera kuno ku Blantyre mwezi wa Juni ankatsika minibasi atavala majuzi awiri, duku lothina, chitenje china atafunda paphewa. Chiperoni chikangoyamba, m'mawa mwake chikwama chinali chopakira kale, ulendo wa kuchigwa. Za bwato ndiye musanene. Munthu wokulira m'mbali mwa Shire, koma ngalawa anali asanaikwerepo, ndipo pa mlatho wa Kamuzu ankadutsa atatsinzina.

Lero mayi yemweyo ali ndi zithunzi m'foni ataima pamwamba pa sitima ya pamadzi kumpoto kwenikweni kwa dziko lapansi, mphepo ikukupiza mpango, iwo mano onse pamtunda. Ndikaziona mtima umadumpha. Ndati ndilembe mmene zinakhalira chifukwa chimene chinawasintha si matsenga ayi. Ndi tinthu ting'onoting'ono toti aliyense wopita ku Norway angathe kutidziwiratu asananyamuke.

Msuweni wanga, mwana wawo wachisamba, anapita kukaphunzira ku yunivesite ya ku Tromsø n'kukwatiwa komweko. Tromsø ndi mzinda wa pachilumba, makilomita pafupifupi 350 kumpoto kwa mzere wa Arctic Circle, ndipo kumeneko dzuwa silituluka kuyambira chakumapeto kwa Novembala mpaka pakati pa Januwale. Azakhali atamva zimenezi anagamula nthawi yomweyo: "Kumeneko si kokhala anthu. Wondifuna andipeza pano." Anakana kwa zaka. Kenako kunabadwa mdzukulu, ndipo kamwana kakamamwetulira pa WhatsApp tsiku ndi tsiku, agogo sachedwa kufewa. Anavomera, koma ndi lamulo limodzi. "Iwe mwanawe, upita nane. Ndikakauma ndi chisanu, pakhale wodzafotokoza kumudzi."

Ntchito yoyamba inali ya mapepala. Dziko la Norway silili m'bungwe la European Union, koma lili m'gulu la mayiko a Schengen, choncho Mmalawi amafunika viza ya Schengen, imene imalola kukhala masiku osapitirira 90 mkati mwa masiku 180 alionse. Pasipoti ikhale ndi masamba awiri osadindidwa, ndiponso ikhale yoti idzagwirabe ntchito kwa miyezi itatu kuchokera tsiku lobwerera. Amafunanso inshuwalansi ya paulendo yolipira zachipatala mpaka mayuro 30,000, ndi umboni wa kumene mukagone komanso wa ndalama zodyera. Kwa azakhali, umboni waukulu unali kalata yowaitana yochokera kwa mkamwini. Fomu imalandiridwa ngakhale kutatsala miyezi 6 kuti munyamuke. Ife tinalawirira, ndipo aliyense atero, poti viza siyendera changu cha mwini ulendo.

Tsiku lopakira ndi limene mantha awo anaonekera poyera. Masutikesi awiri. Mu yoyamba munali mabulangete awiri olemera ndi majuzi a thonje osawerengeka. Mu inayo munali ufa, nyama yowamba, mkaka wa ufa, thelele louma, ndi mankhwala a chimfine okwanira mudzi wonse. Ndalama anazisokerera m'kathumba ka m'chiuno. Nyama ndi mkaka tinazitsitsa, chifukwa lamulo silola kulowa ku Norway ndi nyama kapena za mkaka zochokera kunja kwa chigawo cha zamalonda cha ku Ulaya. Mukazitenga, zikathera pabwalo la ndege. Mabulangete ndiye anawakumbatira. "Awa okha sindisiya." Tinawanyamula.

Tinanyamukira ku Lilongwe chakumapeto kwa Febuluwale, kudzera ku Addis Ababa, mpaka ku Gardermoen, bwalo lalikulu la ndege la Oslo. Kuchokera pamenepo ndege ya ku Tromsø imatenga maola osakwana awiri. Jekete likhale m'manja, osati m'sutikesi yopita pansi pa ndege, ndipo polembetsa katundu mufunse ngati mufunika kumutenga ku Oslo n'kumuperekanso musanakwere ndege ya m'dziko momwemo. Safunsa anadya phula. Mutengenso adaputa, chifukwa masoketi awo ndi a mabowo awiri ozungulira. Pulagi yathu ya mano atatu silowa.

Masiku oyamba azakhali anawathera pampando wa pafupi ndi chotenthetsera nyumba. M'nyumbamo munali mofunda moti ife tinkangovala malaya amodzi ndi sokosi (nsapato kumeneko zimavulidwa pakhomo, kulikonse kumene mwalowa ngati mlendo), koma iwo anali m'bulangete la ku Chikwawa, mdzukulu pamiyendo, maso ku zenera. Kunja kunali mbee. "Ine ndabwera kudzaona mwana, ndamuona," ankatero tikawapempha kuti tikayende. "Zinazo mukandiuza."

Tsiku lina masana anadzuka kutulo n'kupeza manja ali opanda kanthu.

"Mwana ali kuti?"

"Wagona, amayi."

"Wagona kuti?"

Msuweni wanga analoza pakhonde. Kangolo ka mwana kanali panja, pamphepo, chipale chofewa chili m'mbali monse. Azakhali anakuwa mawu amene sindinawamvepo chiyambire, n'kuthamangira kunja ndi sokosi zokha. Anapisa dzanja m'khosi mwa mdzukuluyo. Munali mofunda bwinobwino. Kamwanako kanali m'zovala za ubweya wa nkhosa, mkati mwa thumba logonamo lokhuthala, kachipewa kumutu, masaya ofiira, kakupuma mwakachetechete, tulo tofa nato. Ku Norway umenewu ndi mwambo wakale: makanda amagona panja masana, ngakhale kumalo olerera ana, makolo akuwayang'anira pafupipafupi ndi kuwalowetsa kukazizira mopitirira muyeso.

Anaima pamenepo kanthawi, dzanja lili m'khosi mwa mwana, mpweya wa m'kamwa ukufuka. Kenako anatembenuka. "Ndiye kuti khanda ili likugona panja, ine ndi imvi zangazi ndikubisala? Mwamuveka chiyani? Ndionetseni."

M'mawa mwake asewere awo, amayi ake a mkamwini, anabwera ndi thumba. Azimayi awiriwa anamvana msanga, poti anthu ambiri ku Norway amalankhula Chingelezi ndipo azakhali anaphunzitsa chinenerocho moyo wawo wonse. Asewere anayala zovala pabedi n'kuyamba phunziro, ndipo ine ndinaona mphunzitsi wamkulu atasanduka mwana wasukulu wakhama, akugwedeza mutu ndi kubwereza. Chokhudza khungu chikhale cha ubweya wa nkhosa, chopyapyala ndi chothina pang'ono, malaya a manja aatali ndi buluku lamkati lofika m'mapazi. Pamwamba pake juzi la ubweya. Kunja kwenikweni jekete ndi buluku zosalowa mphepo kapena madzi. Basi. Thonje ndiye ayi, chifukwa limamwa thukuta n'kulisunga, ndipo mukangoima, chinyezi chija chimakuziziritsani. Ubweya umafunditsabe ngakhale utanyowa pang'ono. Majuzi onse a azakhali aja anali a thonje. N'chifukwa chake ankati akaunjika ambiri, kuzizira nakonso kumangowonjezeka.

Nsapato zikhale zazikulu ndi nambala imodzi, kuti sokosi za ubweya zilowe zala zikusewera momasuka. Nsapato yothina ndi imene imaumitsa phazi. Chipewa chiphimbe makutu. Magolovesi abwino ndi aja osagawa zala. Kwa mlendo wa masiku ochepa, zambiri mwa izi si zofunika kugula zatsopano: m'mizinda muli masitolo a kaunjika, ndipo ku Tromsø kuli malo obwereketsa zovala za chisanu.

Ndiyeno panali tinthu tiwiri timene azakhali anatikonda kuposa zonse. Koyamba ndi brodder, mphira wokhala ndi timisomali wokoleka kunsi kwa nsapato. Ngozi yeniyeni ya munthu wamkulu m'nyengo imeneyi ndi kuterereka pa madzi oundana m'misewu, ndipo timisomali timeneti timagwira pansi ngati zikhadabo. Polowa m'sitolo mumavula kuti musakande pansi pa eni ake. Kachiwiri ndi refleks, kachinthu konyezimira kolendewera pa jekete kuti oyendetsa galimoto akuoneni mumdima. Powoloka msewu kumbukiraninso kuti galimoto zawo zimayenda kumanja, choncho muyambe mwayang'ana kumanzere.

Atavala zonse, tinatsegula chitseko. Anaponda panja mwendo umodzi, kenako winawo. Anadikira kuzizira kuti kuwagwire. Sikunawagwire. "Aa! Zoona izi?" Anayenda mpaka pangodya, kubwerera, kupitanso. Anawerama n'kutapa chipale, n'kuchiumba, n'kundigenda nacho pamsana, kenako anaseka mpaka kugwira mpanda.

Kunena zoona, gombe la Norway silizizira monga mmene mapu amaopsezera. Madzi ofunda a Gulf Stream amayenda kuchokera kumwera n'kutsata gombe lonselo, moti madoko saundana ngakhale kumpoto kwenikweni, ndipo ku Tromsø masiku ambiri a nyengo yachisanu kumangotsika madigiri ochepa pansi pa ziro. Chisanu cholusa chili mkati mwa dziko, kutali ndi nyanja: ku Karasjok kunafika madigiri 51.4 pansi pa ziro mu 1886. Chimene chimavutitsa m'mbali mwa nyanja ndi mphepo ndi kusinthasintha kwa nyengo, n'chifukwa chake aliyense kumeneko amayang'ana kaye Yr, pulogalamu ya pafoni ya zanyengo, asanatuluke. Azakhali anaiika m'foni mwawo, ndipo posakhalitsa ndiwo ankatiuza m'mawa kuti lero mphepo ichokera kuti.

Kuyambira pamenepo kunalibenso kuwasunga m'nyumba. Ndiwo anatenga udindo wokankha kangolo ka mdzukulu. Anawoloka wapansi mlatho wa Tromsø, wautali kupitirira kilomita imodzi, maso ali gwa kuyang'ana madzi pansi, kupita ku tchalitchi choyera cha makona atatu chotchedwa Arctic Cathedral, chomangidwa mu 1965. Anakwera Fjellheisen, chikepe choyenda pachingwe chimene chimakweza anthu kufika mamita 421 pamwamba pa nyanja. Pokwera anandigwira mkono mwamphamvu. Potsika anali pa zenera, akulozera alendo ena kumene kuli nyumba ya mwana wawo.

Usiku umene sindidzauiwala unabwera kumwamba kutayera. Mkamwini anatitengera kunja kwa mzinda, kutali ndi magetsi, tili ndi tiyi m'fulasiki. Tinadikira. Poyamba kunaoneka kamzere kotuwa, koti munthu n'kukayesa mtambo. Kenako kanabiriwira, kanatambasuka, kanayamba kugwedezeka kuchokera kuphiri lina kufika kuphiri lina, m'mphepete mwake mukuthwanima mofiirira. Alendo ena amene anali pamenepo ankanong'onezana. Azakhali anaimba nthungululu. Inamveka chigwa chonse, anthu anatembenuka, ena anawomba m'manja, ndipo mayi wina wa ku Japan anabwera kudzapempha kuti amuphunzitse. Ali m'galimoto pobwerera, uphunzitsi unadzuka: anafuna kudziwa chimene chimachititsa. Mkamwini anafotokoza kuti ndi tizinthu tochokera kudzuwa timene timawombana ndi mpweya wa m'mwamba, makilomita 100 kapena kuposerapo, ndipo kubiriwirako kumachokera ku mpweya wa okosijeni. Analemba m'kabuku.

Wofuna kuona kuwala kumeneku apite pakati pa Sepitembala ndi Malichi, akhale mausiku angapo, ndipo asalole munthu kumulonjeza tsiku. Pamafunika mdima ndi thambo loyera, ndipo mitambo ikakana, yakana. Febuluwale ndi Malichi ndimaikonda chifukwa masana dzuwa limakhala litabwerera, usiku mdima ulipobe.

Za ndalama tisanamizane: Norway ndi dziko lodula, ndipo ulendo wa azakhali anasonkherana ndi ana. Koma kudula kwake kuli ndi njira zokuzembera, ndipo azakhali, amene analera ana ndi malipiro a uphunzitsi, anazitulukira mwachangu kuposa tonsefe. Ndalama yawo ndi krone, osati yuro, koma ndalama za m'manja sizioneka kawirikawiri. Khofi, basi, ngakhale chimbudzi cha pasiteshoni amalipira ndi khadi. Kathumba ka m'chiuno kaja kanabwerera kosamasula. Musananyamuke pitani kubanki yanu mukatsimikize kuti khadi ligwira ntchito kunja, ndipo nambala yachinsinsi muidziwe pamtima.

Chimene chimatha ndalama ndi kudya m'malesitilanti. Eni dziko amanyamula matpakke, kamba wa buledi wopaka kanthu wokulunga m'pepala, kuntchito, kusukulu ndi kuphiri komwe, ndipo palibe amene amachita nazo manyazi. Azakhali anakhala katswiri wake. Ankagula m'masitolo a Kiwi kapena a Rema 1000, akuyerekeza mitengo, n'kukonza buledi wa aliyense ndi brunost, tchizi chabulauni chotsekemera chimene poyamba anachinunkhiza mokayikira koma kenako ankachidula mokhuthala. Madzi a m'botolo musagule. A pampope ndi abwino kwambiri. Botolo kapena chitini cha chakumwa musataye, chifukwa pogula munalipirapo ndalama ya pant, makrone 2 kapena 3, imene makina a m'sitolo amakubwezerani. Lamulungu masitolo ambiri amatseka, choncho gulirani Loweruka. Kwa okonda chakumwa chaukali: mowa m'masitolo amasiya kugulitsa 8 koloko usiku mkati mwa sabata ndi 6 koloko madzulo Loweruka, ndipo vinyo ndi zaukali kwambiri zimapezeka m'masitolo a boma okha otchedwa Vinmonopolet. Tikiti ya basi imatsika mtengo mukagulira pafoni musanakwere, ndipo amene afika zaka 67 afunse za mtengo wa achikulire. Manambala a ngozi muwasunge: 110 ozimitsa moto, 112 apolisi, 113 ambulansi.

Mdani mmodzi anali atagwa. Wachiwiri, madzi, anamuputa okha. Tsiku lina ali padoko anaona sitima yaikulu ikukocheza, anthu wamba akutsika ndi zikwama, makatoni akutsitsidwa. Anafunsa asewere kuti imeneyi ikupita kuti. Imeneyo inali sitima ya njira ya m'gombe imene Richard With anayambitsa mu 1893 pansi pa dzina la Hurtigruten. Masiku ano imayenda pakati pa Bergen ndi Kirkenes, kuima m'madoko 34, ndipo kuyambira 2021 kampani ya Havila nayonso imayendetsa sitima zake panjira yomweyo. Alendo ambiri amaganiza kuti uyenera kulipira ulendo wonse wa masiku ambiri, koma tikiti ya doko limodzi kufika doko lina imagulitsidwa, ndipo ndi mmene eni dera amayendera.

"Ndikufuna ndikwere," anatero azakhali pa chakudya chamadzulo. Msuweni wanga anaika foloko pansi. "Amayi, inuyo?" "Ineyo."

Sitima yolowera kumwera imanyamuka ku Tromsø pakati pa usiku n'kufika ku Svolvær, kuzilumba za Lofoten, madzulo a tsiku lomwelo. Chigawo chimenechi n'chabwino kwa woyamba kumene, chifukwa mbali yaikulu sitima imayenda mobisala pakati pa zilumba, mafunde ochepa. Polowa, azakhali ananong'ona pemphero, atamwa kale mankhwala oletsa nseru. Kutacha ndinawasowa m'chipinda. Ndinawapeza pamwamba, panja, chipewa chili m'makutu, khofi m'manja, akuwerenga mayina a madoko: Harstad, Risøyhamn, Sortland, Stokmarknes. Titalowa mu Raftsundet, mpata wopapatiza umene mapiri oyera amaima chilili mbali zonse ziwiri, chiwombankhanga cha m'nyanja chinadutsa pamwamba pathu. Azakhali anandigwira phewa osanena kanthu, misozi ikutsika, akuseka. Chithunzi chimene chili pakhoma kwawo lero chinajambulidwa pamenepo.

Ku Lofoten tinafika m'nyengo ya skrei, nsomba ya cod imene imachokera ku nyanja ya Barents kudzaswana m'madzi amenewa kuyambira Januwale mpaka Epulo. Fungo limakulandirani musanaone kanthu. Paliponse pali timitengo tosanja tataliatali, hjell, pamene nsomba zikwizikwi zimalendewera ziwiriziwiri zomangidwa kumichira, zikuuma ndi mphepo yokha popanda mchere mpaka chakumayambiriro kwa chilimwe chawo. Azakhali anaima m'munsi mwake n'kunena kuti awa ndi matandala a usipa a ku Mangochi, kungoti eni ake anawaimika chilili. Anacheza ndi msodzi wina kwa nthawi yaitali, ndipo anabwerako ndi nkhani: nsomba youma yambiri imapita ku Italy, mitu yake youma imagulitsidwa ku Nigeria, ndipo ana asukulu a kumeneko amapeza ndalama podula malilime a nsombazo, amene ndi ndiwo yapamwamba. Za anawo zinawasangalatsa kwambiri. Tinagona mu rorbu, kanyumba kofiira ka asodzi koimikidwa pamitengo m'mphepete mwa madzi, momwe muli khitchini yoti muphike nokha. Usiku umenewo ufa wa ku Chikwawa unagwira ntchito: nsima ya skrei watsopano, mafunde akumveka pansi pa nyumba.

Pobwerera kumudzi mabulangete aja anatsala ku Tromsø. M'malo mwake m'sutikesi munalowa malaya amkati a ubweya ndi kampeni kosendera tchizi.

Chaka chotsatira, mwezi wa Juni, anapitanso. Okha. Sutikesi imodzi yaing'ono. Nditawafunsa ngati ndiwaperekeze anati, "Iwe uli ndi ntchito, mwanawe. Njira ndikuidziwa." Ndipo sanalunjike ku Tromsø. Anakonza ulendo wawo pa Entur, pulogalamu imene imaonetsa sitima, mabasi ndi maboti a dziko lonse pamodzi, n'kugula matikiti kudakali milungu, pamene mitengo imakhala yotsika. Kuchokera ku Gardermoen anakwera sitima wamba ya Vy m'malo mwa sitima yachangu ya Flytoget, chifukwa kusiyana kwa nthawi ndi mphindi zochepa koma kusiyana kwa mtengo n'kwakukulu. Ku Oslo anakwera sitima ya njanji ya ku Bergen, yotsegulidwa mu 1909, imene imatenga maola pafupifupi 7 kudutsa pamwamba pa mapiri. Ku Finse, siteshoni ya pamwamba kwambiri pa mamita 1,222, ananditumizira chithunzi cha chipale pakati pa Juni.

Anatsika ku Myrdal n'kukwera kasitima ka Flåm, kamene kamatsetsereka makilomita 20 kuchokera pamtunda wa mamita oposa 860 kufika m'mphepete mwa nyanja, kudutsa m'mphanga 20 zoboola mapiri, ndipo kamaima pa mathithi a Kjosfossen kuti anthu atsike aone. Ku Flåm analowa m'boti la maola awiri lodutsa mu Nærøyfjord. Fjord ndi chigwa chakuya chimene madzi oundana akalekale anakumba, nyanja n'kulowamo. Nærøyfjord pena imapapatiza kufika mamita 250 okha, ndipo bungwe la UNESCO linaiika pa mndandanda wa malo ofunika padziko lonse mu 2005. Uthenga wawo wa tsiku limenelo unali waufupi: "Ndakhala kutsogolo kwenikweni." Ku Bergen mvula inawapeza, monga imapezera aliyense, poti kumeneko imagwa masiku oposa 200 pachaka. Anavala jekete lawo losalowa madzi n'kukayenda pakati pa nyumba zamatabwa za ku Bryggen, doko lakale la amalonda a Hansa, kenako anakwera Fløibanen kukaona mzinda uli m'munsi.

Atafika ku Tromsø anapeza dzuwa losalowa, limene kumeneko limakhalapo kuyambira cha pa 20 Meyi mpaka cha pa 22 Julayi. Usiku wina foni inalira ndili mtulo. M'miyezi imeneyo nthawi yawo ndi yathu zimafanana ndendende (m'nyengo yachisanu amatsalira ndi ola limodzi), choncho konse kunali 12 koloko usiku. "Tadzuka uone!" Pa vidiyo panali azakhali pagombe, dzuwa lili phee pamwamba pa mapiri, nsapato m'manja, mapazi ali m'nyanja. "Akuzizira, koma ndi abwino!" Kwa opita nyengo imeneyi malangizo awo ndi akuti mutenge kansalu kophimba m'maso pogona ndipo muziyang'ana wotchi, apo ayi mudzapezeka mukukazinga mazira 2 koloko usiku. Juzi la ubweya musalisiye, chifukwa chilimwe cha kumpoto chimatha kuzizira tsiku lililonse.

Anakhala mpaka Ogasiti, ndipo ndi asewere awo anayenda m'mapiri motsata zilembo za T zofiira zimene bungwe la oyenda m'mapiri la DNT, lokhazikitsidwa mu 1868, limapaka pamiyala. Chimene chinawakhudza mtima ndi lamulo la 1957 lotsimikizira allemannsretten, ufulu wa aliyense, mlendo yemwe, woyenda m'thengo ndi m'mapiri ngakhale malowo ali ndi mwini wake. Mungathe kuthyola zipatso zakuthengo, ndiponso kumanga tenti kwa mausiku awiri, bola mutalikire mamita 150 kuchokera panyumba ya munthu, musaponde m'munda, ndipo zinyalala zanu mubwerere nazo. Kusonkha moto m'nkhalango n'koletsedwa kuyambira pa 15 Epulo mpaka pa 15 Sepitembala. Azakhali anathyola mabulosi abuluu mpaka zala kuda, n'kuphika jamu wa mdzukulu.

Juni wapitayu anabwera ku Blantyre chiperoni chili pachimake. Anatsika minibasi ndi juzi limodzi, kaubweya kali mkati, n'kundiuza kuti Loweruka tikwere Mulanje kudzera ku Likhubula. Tinakwera mpaka pa mathithi, iwo patsogolo, buledi ali m'chikwama. Pa Khirisimasi anatenga adzukulu a kumudzi kupita nawo ku Cape Maclear, ndipo ndiwo anayamba kulowa m'boti. Amayi a kutchalitchi kwawo amene ali ndi ana kunja tsopano amabwera pakhonde pawo ndi mafunso, iwo n'kutulutsa kabuku kaja, kufotokoza za viza, za khadi, za nsapato. Mmodzi wapita kale ku Scotland ndi mndandanda wolembedwa ndi dzanja la azakhali.

Ngati muli ndi kholo limene ana akuliitana ku dziko lozizira koma likukana, musalimbane nalo ndi mawu. Yambani mapepala kudakali miyezi, muuze amene ali kumeneko akonzeretu malaya amkati a ubweya, nsapato zokulirapo ndi nambala imodzi ndi timisomali ta kunsi kwake, ndipo tsiku loyamba lomwelo mutuluke nalo panja, ngakhale kungofika pangodya.